Funsani Aphunzitsi: Chilatini cha pa chiliza, pa jezi ndi pa dola

Mafunso abwera ambiri mwezi uno moti ena ndawasungira ulendo wina, amene simunadzione pano musakwiye. Ndatenga okhawo a timawu tatifupi timene mumationa pa miyala, pa ndalama, pa mabaji ndi pa mikono ya achinyamata.

FUNSO: Aphunzitsi, mu Okutobala tili ndi mwambo wa chiliza cha bambo ndi mayi athu kumudzi ku Dedza, anagona moyandikana nde tagwirizana kuti mwala ukhale umodzi. Bambo anali katekisiti ndipo Credo yonse ankaiimba pamtima. Achimwene akuti tingolemba R.I.P. basi koma ine ndikuti chimenecho ndi chizungu, ndikufuna Chilatini chenicheni. Tilembe chani?
Mayi wa ku Chilomoni

YANKHO: Amayi, pepani ndi kutaya makolo, komanso mwachita bwino kufunsa mwala usanazokotedwe chifukwa ambiri amanditumizira chithunzi simenti itauma kale. Achimwene anuwo sanaphonye ayi, R.I.P. ija ndi Chilatini ndithu, requiescat in pace, azungu anangochita mwayi kuti mawu awo atatu aja, rest in peace, amayambanso ndi zilembo zomwezo.

Koma taonani apa. Requiescit in pace ndi requiescat in pace zimasiyana chilembo chimodzi chokha koma sizikunena chinthu chimodzi. Requiescit ndiye kuti akuusa, mukungotiuza mmene zinthu zilili. Requiescat ndiye kuti ause, ndi pemphero, mukupempha kuti zitero. Ife a Chichewa apa tili pabwino kuposa azungu chifukwa ka -e kathu ka kumapeto kaja, ause, apite, akhale, kamagwira ntchito yomweyo ndendende ndi ka -a- ka Chilatini kaja, nde tikamati mzimu wawo uuse mumtendere timakhala tamasulira molondola osasowa kuwonjezera mawu ena.

Pomwe mungapunthwe ndi pa chiwerengero. Kwathu kuno bambo mmodzi timati ause, anthu khumi timatinso ause, koma Chilatini sichidziwa zochulukitsa munthu pomulemekeza, ngakhale Papa akamwalira ndi requiescat basi. Inu muli ndi anthu awiri pa mwala umodzi nde pakufunika n, REQUIESCANT IN PACE. Mukaisiya n imeneyo ndiye kuti mwapempherera mmodzi winayo mwamusiya panja, ndipo wansembe wodzadalitsa chilizayo adzaona ndithu ngakhale sadzanena.

Ngati malo alipo pa mwalapo ndingakupangireni chonchi. Pamwamba PARENTIBUS CARISSIMIS, kwa makolo okondedwa kwambiri, kenako maina awo, ndipo kutsogolo kwa tsiku lobadwa la bambo mulembe natus, la mayi nata, osasinthanitsa, pomwe tsiku lomwalira onse ndi obiit. Mmunsi LIBERI POSUERUNT, ana ndi amene aika mwalawu. Popeza bambo anali a mu tchalitchi mutha kutsekera ndi lux perpetua luceat eis, kuwala kosatha kuwawalire, amenewa ndi mawu a mu Misa ya akufa ndipo iwo ankawadziwa bwino. Madeti lembani manambala athu omwewa kuti zidzukulu zidzathe kuwerenga.

Mukamafufuza pa intaneti mukumana ndi D.M. komanso S.T.T.L., zili pa manda ambirimbiri a Aroma akale. D.M. ndi Dis Manibus, kwa mizimu ya akufa, zachipembedzo chawo chamakolo, katekisiti sakanazilola pa manda ake. S.T.T.L. ndi sit tibi terra levis, dothi likupepukire, ndipo kunena zoona mwa mawu onse a pa manda amene ndimawadziwa awa ndi amene amandikhudza kwambiri, koma nawonso si a mpingo. Tsiku lozokota mutumeko mwana wodziwa kuwerenga akaime pomwepo ndi pepala, wozokota akaona mawu achilendo amakonda kuwakonza yekha.

FUNSO: Big man, ine wa Arsenal kuyambira nthawi ya Henry. Ndagula jezi ya mpesa mkati mwa kolala mwalembedwa Victoria Concordia Crescit, mafana a pa rank akuti amenewo ndi maina a akazi awiri kkkk. Tandiuzeni ndikawatseke pakamwa.
Mnyamata wa kabaza, Ndirande

YANKHO: Achimwene, mafanawo theka akunena zoona, Victoria ndi Concordia analidi maina a milungu yaikazi ya Aroma, wina wa chipambano wina wa mgwirizano. Koma pa jezi yanuyo ndi chiganizo, kupambana kumakula ndi mgwirizano. Mawuwa anali pa baji ya timuyi kuyambira 1949 mpaka pomwe anaisintha mu 2002.

Funso lanu landipatsa mpata wonena chinthu chimene chimazunguza aliyense woyamba kumasulira Chilatini. Tanthauzo silikhala pa ndondomeko ya mawu, limakhala ku mchira kwa liwu lililonse. Puer capram pulsat, mnyamata akumenya mbuzi. Puerum capra pulsat, mawu aima malo omwewo koma pano mbuzi ndi imene ikumenya mnyamata, chifukwa ka -m kasamuka. Mzungu izi zimamuvuta, koma inu mumazichita tsiku ndi tsiku osadziwa. Mbuzi zamugunda mwanayo, mwanayo zamugunda mbuzi, mutembenuze mmene mungathere wogundidwa ndi mwana yemweyo chifukwa za- ndi -mu- zanena kale. Kusiyana kwake nkoti ife timamata kutsogolo iwo amamata kumbuyo.

Nde pa jezi yanuyo pali kamsampha, victoria ndi concordia onse akuthera ndi -a. Mmodzi ndi wochita, winayo ndi chida, ndipo Mroma ankasiyanitsa ndi khutu chifukwa -a wa chida ankamukoka polankhula, concordiaa, koma polemba kawirikawiri sankaika chizindikiro chilichonse. Choncho wina atafuna atha kuwerenga kuti mgwirizano umakula ndi kupambana, ndipo galamala singamutsutse. Amene munakhalapo mu shoo ya mpira timu italuza magemu atatu motsatizana mukudziwa kuti kuwerenga kwachiwiriku nakonso si bodza.

Mukakhale ndi zipolopolo zina. Tottenham ndi Audere est facere, kulimba mtima ndiko kuchita. Everton ndi Nil satis nisi optimum, palibe chokwanira kupatula chabwino koposa. A Manchester City pa baji yawo ya chiwombankhanga ija, 1997 mpaka 2016, analemba Superbia in proelio pofuna kunena kunyadira pa nkhondo, koma superbia kwa Aroma kawirikawiri anali matama, mfumu yawo yomaliza imene anaithamangitsa ankaitcha Tarquinius Superbus, ndipo mu katekisimu superbia ndi tchimo loyamba pa akuluakulu asanu ndi awiri aja. Amenewo mukawauze mafana a buluu.

FUNSO: Aphunzitsi, tikupanga ukwati mu Disembala nde pa makadi ndikufuna palembedwe Amor vincit omnia, ndinaziona pa Facebook zinandisangalatsa. Komanso amuna angawo ali ndi tatuu ya carpe diem pa mkono akuti tanthauzo lake ndi idya moyo, pano akufuna akawonjezere mawu otsatira ake. Zili bwino zimenezi?
Mtsikana wa ku Area 25

YANKHO: Asisi, zabwino zonse. Chilatini chake pa khadipo nchabwinobwino, chikondi chimagonjetsa zonse, koma ndikuuzeni kumene mawuwa anachokera kenako musankhe nokha. Ndi a Virgil, mlakatuli wa ku Roma wakale, mu ndakatulo yake ya khumi ya abusa a ziweto, zaka pafupifupi 40 Yesu asanabadwe, ndipo iye analemba omnia vincit Amor, et nos cedamus Amori. Akulankhulayo si mkwati. Ndi Gallus, mnzake wa Virgil, amene mkazi wake wapamtima Lycoris wamuthawa watsatira msilikali kumaiko ozizira a ku Alps ndi mtsinje wa Rhine. Gallus akuti ndikalowa mnkhalango, ndikasaka nguluwe, ndikaimba nyimbo za abusa mwina ndiiwala, kenako akuona kuti palibe chimene chithandize, nde pomaliza akungokweza manja, chikondi chimagonjetsa zonse, nafenso tingochigonjera. Ndi mawu a munthu wosiyidwa amene walephera kuchira. Anthu akhala akuwalemba pa mphete kwa zaka mazanamazana osadandaula nazo, nde sindikuletsani, koma ine pa khadi la mwana wanga sindikanawaika.

Kalinso kena kokoma, vincit yemweyo amathanso kuchokera ku mneni wina, vincire, kumanga ndi chingwe, amalembedwa chimodzimodzi, nde wina atha kuwerenga kuti chikondi chimamanga zonse. Pa ukwati mwina kumeneko nkumene kukuyenera.

Mukafuna a mu Baibulo alipo. Caritas numquam excidit, chikondi sichitha, 1 Akorinto 13:8. Quod Deus coniunxit homo non separet, chimene Mulungu wachimanga pamodzi munthu asachilekanitse, Mateyu 19:6, ndipo separet ameneyo ndi ka -e kathu kaja kabweranso. Mwaona kuti apa chikondi ndi caritas pomwe kwa Virgil ndi amor. Ife tili ndi liwu limodzi, iwo amor ndi chija chokusowetsa tulo, caritas ndi chija chokupangitsa kuchezera pa chipatala ndi wodwala, nde pomasulira kupita ku Chilatini muyenera kudziwa kuti mukunena chiti.

Tsopano alamu anga a tatuuwo. Carpe diem ndi ya Horace, mlakatuli winanso wa ku Roma, kandakatulo ka mizere 8 yokha kamene kanatuluka mu 23 BC. Akulankhula ndi mtsikana dzina lake Leuconoe amene wakhala akuyenda kwa oombeza a nyenyezi, iwo ankati manambala a ku Babulo, kuti adziwe kuti iye ndi Horace adzafa liti. Kunja ndi nyengo yozizira, nyanja ikumenya miyala. Horace akumuuza kuti usafunse zimenezo sizololedwa kudziwa, kaya iyi ndi nyengo yathu yomaliza kaya zikubwera zina, khala wanzeru, sefa vinyo, chiyembekezo chachitalicho chidule poti nthawi ndi yaifupi, tikulankhula panomu nthawi yanjiru yathawa kale. Kenako carpe diem, quam minimum credula postero.

Carpere si kulanda, si kuwakha, si kudya. Ndi kuthyola, mneni amene ankagwiritsa ntchito pa zipatso ndi maluwa, nde mzerewo ukuti thyola lero, mawa usalikhulupirire kwenikweni. Wothyola amasankha chakupsa, amachita modekha, ndipo zimene Horace akumuuza mtsikanayo ndi ntchito ya pakhomo wamba, kusefa vinyo. Za idya moyo mpaka salale ithe pa 5 mulibemo mu ndakatuloyo.

Za kuwonjezerazo auzeni asaye. Credula ndi liwu la mkazi chifukwa akuuzidwayo ndi Leuconoe, mwamuna akalilemba pa mkono wake ndiye kuti akudzitcha ntchembere. Akasintha kuti credulus galamala ikhala bwino koma mzere wa ndakatulo uthyoka, kayendedwe kake ka maphatikizo aatali ndi aafupi kasokonekera ndipo si Horace-nso. Mawu awiri ali pamkonowo akwana.

FUNSO: Abusa athu analalikira kuti pa dola ya America palembedwa New World Order mu Chilatini komanso pali diso la satana ndi manambala achinsinsi. Ine ndimagwira madola pa geni yanga nde ndili ndi mantha. Nzoona?
Bambo wa ku Mchesi

YANKHO: Bambo, pitirizani geni yanu. Mawu ali mmunsi mwa piramidi aja ndi Novus ordo seclorum. Novus ordo ndi dongosolo latsopano, pamenepo abusa akhoza, koma seclorum si dziko. Dziko akanalemba mundi kapena orbis. Seclorum ndi saeculorum wofupikitsa, wa mibadwo, liwu lomwelija Akatolika amatsekera nalo mapemphero, in saecula saeculorum, kunthawi za nthawi. Nde zonsezo zikuti dongosolo latsopano la mibadwo, kapena tingoti nyengo yatsopano yayamba.

Anasankha mawuwa ndi Charles Thomson mu 1782, mlembi wa nyumba yawo ya malamulo amene poyamba anali mphunzitsi wa Chilatini, ndipo anawatenga kwa Virgil yemwe uja, mu ndakatulo yonena za mwana amene adzabadwe ndi kubweretsa nyengo ya mtendere. Chosangalatsa nchoti Akhristu akale, kuphatikizapo mfumu Constantine, ankawerenga ndakatulo imeneyo ngati ulosi wa kubadwa kwa Yesu. Chidindo cha boma la America chimene chili ndi piramidi ndi mawuwa chinafika pa dola mu 1935.

Pamwamba pa disolo pali Annuit coeptis, wavomera zimene tayamba, annuere ndi kuvomera kogwedeza mutu kuja. Wavomera ndani? Sanatchulidwe, Chilatini chimalola zimenezo ngati mmene ife timangoti wavomera. Kwa Virgil amene ankapemphedwa kuti avomere anali Jupiter, kwa Thomson ndi Mulungu wosamalira zonse, ndipo diso mu thirayango linali kale chizindikiro cha Utatu Woyera pa zithunzi za mmatchalitchi a ku Ulaya.

Manambala achinsinsiwo ndi MDCCLXXVI. M ndi 1000, D 500, C 100, L 50, X 10, V 5, I 1, phatikizani mupeza 1776, chaka chimene America inalengeza ufulu wake, ndipo masitepe 13 a piramidiyo ndi zigawo 13 zoyambirira. Lamulo lina limodzi lokha, kakang'ono kakatsogolera kamkulu mumachotsera, nde CM ndi 900, IV ndi 4. Ufulu wathu wa 1964 ungalembedwe MCMLXIV.

FUNSO: Aphunzitsi, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku UK, tsiku la ofu ndinapita ku Westminster Abbey ku London ndinaona manda a David Livingstone pansi pakati pa tchalitchi. Zachingerezi ndinawerenga koma mmbali mwa mwalawo muli izi, TANTUS AMOR VERI NIHIL EST QUOD NOSCERE MALIM QUAM FLUVII CAUSAS PER SAECULA TANTA LATENTES. Foni yanga inamasulira zosamveka. Ndi vesi la mu Baibulo?
Mayi wa ku Luton, kwathu ku Mulanje

YANKHO: Amayi, vesi la mu Baibulo lili mbali inayo, lija la nkhosa zina za pa Yohane 10:16. Ili mwakoperali ndi ndakatulo, ndipo likuti, chikondi changa pa choonadi nchachikulu chotere moti palibe chimene ndingafune kudziwa kuposa zifukwa za mtsinjewu, zimene zakhala zobisika kwa mibadwo yochuluka chonchi. Foni inasochera chifukwa causas ndi latentes ndi mawu oyendera limodzi, zifukwa zobisika, koma wolemba anawalekanitsa naika mawu atatu pakati, mu ndakatulo za Chilatini zimenezi ndi za tsiku ndi tsiku, umawapeza poyang'ana michira yogwirizana.

Wolemba ndi Lucan, mnyamata amene Nero, mfumu ya Aroma, anamulamula kuti adziphe mu chaka cha 65 ali ndi zaka 25 zokha. Analemba ndakatulo yaitali ya nkhondo yapachiweniweni ya Julius Caesar ndi Pompey, ndipo mu buku la khumi Caesar ali pa phwando kwa Cleopatra ku Alexandria, wakhuta, nde akufunsa wansembe wokalamba wa ku Egypt dzina lake Acoreus za mtsinje wa Nile. Akufika mpaka ponena kuti atamutsimikizira kuti akaona akasupe a Nile nkhondo yonseyo angaisiye. Choncho mawu ali pa manda a mmishonale uja anatuluka mkamwa mwa mkulu wa nkhondo amene mu ndakatuloyo Lucan sakumukonda mpang'ono pomwe.

Nchifukwa chake ndalemba zifukwa osati gwero. Caesar akufunsa zinthu ziwiri, chomwe chimapangitsa Nile kusefukira chaka ndi chaka mnyengo yotentha, ndizo causas, komanso mutu wake wosadziwika, ignotumque caput, mawu amene ali mu mzere wotsatira. Pa mwalapo anadulira mzerewo usanafike, nde mawu enieni onena za gwero la mtsinje, chinthu chimene Livingstone anafera, palibepo. Dzina la Nile nalonso palibe, fluvii ndi wa mtsinje basi, ankayembekezera kuti owerenga a nthawi imeneyo anaphunzira Lucan kusukulu.

Ndipo mtsinje umene iye ankautsatira zaka zake zomaliza, Lualaba, sunali Nile. Wofufuza malo wina, Henry Stanley, anautsata mpaka ku nyanja ya Atlantic mu 1877 napeza kuti ndi Congo. Livingstone anamwalira pa 1 Meyi 1873 mmudzi wa Chitambo ku Zambia ya lero, mtima wake anaukwirira komweko pansi pa mtengo, thupi analiumitsa nkulinyamula wapansi mpaka ku Bagamoyo, ndipo linaikidwa pomwe munaimapo pa 18 Epulo 1874. Mzere woyamba wa mwalawo umangoti anabwera naye ndi manja okhulupirika. Manjawo anali a Susi, Chuma, Jacob Wainwright ndi anzawo ambiri, Chumayo anali Myao amene anawomboledwa mmanja mwa ogula akapolo kwathu komweku mu 1861 ali kamnyamata. Malo a mizere iwiri ya Lucan anapezeka pa mwalapo, a maina awo ayi.

FUNSO: Mu sutikesi ya malemu agogo tapeza pepala la boma la atsamunda, pamwamba pali kambuku ataima pa thanthwe dzuwa likutuluka kumbuyo kwake, mmunsi Lux in Tenebris. Pepala lina lili ndi Magni Esse Mereamur. Ndi chani?
Mphunzitsi wa pulayimale, Ntcheu

YANKHO: Aphunzitsi anzanga, musataye mapepalawo. Loyambalo ndi chizindikiro cha Nyasaland chimene chinaperekedwa mu 1914, mawuwo ndi kuwala mumdima, ochokera pa Yohane 1:5, et lux in tenebris lucet et tenebrae eam non comprehenderunt. Comprehendere ali ndi mbali ziwiri, kugwira ndi manja komanso kugwira ndi mutu, nchifukwa chake Mabaibulo ena amati mdima sunakuzindikire kuwalako ena amati sunakugonjetse. Kwa Yohane kuwalako ndi Khristu. Pa pepala la boma lotolera msonkho wa nyumba ndi kulekerera thangata, dzifunseni nokha kuti kuwala anali ndani ndipo mdima anali ndani. Chaka chotsatira chomwecho, Januwale 1915, John Chilembwe anapereka yankho lake.

Lachiwirilo ndi la Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, 1953 mpaka 1963. Mereamur ndi pemphero ngati requiescat uja, tiyenerere, nde zonse zikuti tiyenerere kukhala akuluakulu. Chinakhala zaka khumi.

FUNSO: INRI, IHS ndi Kyrie eleison zikutanthauza chani? Nanga veni vidi vici amatchula bwanji, tikukangana ku kwaya.
Wa kwaya, Balaka

YANKHO: INRI ndi Iesus Nazarenus Rex Iudaeorum, Yesu wa ku Nazarete Mfumu ya Ayuda, chikwangwani cha Pilato pa Yohane 19:19, ndipo pali I osati J chifukwa Aroma analibe J, U nayenso ankamuzokota ngati V. IHS poyambirira si Chilatini, ndi zilembo zitatu zoyamba za dzina la Yesu mu Chigiriki, H ameneyo ndi e wawo wautali, pambuyo pake anthu anadzapangapo Iesus Hominum Salvator, Yesu Mpulumutsi wa anthu. Kyrie eleison ndi Chigirikinso, Ambuye mutichitire chifundo.

Veni vidi vici ndi ndinabwera, ndinaona, ndinagonjetsa, mawu atatu kwa atatu, Caesar atapambana nkhondo ya ku Zela mu 47 BC. Iye mwini akanati weni widi wiki. Katchulidwe ka mu tchalitchi kamatsata Chitaliyana nde ndi veni vidi vichi. Ku kwaya tsatani ka tchalitchi.

FUNSO: Ndatsegula sukulu ya pulaiveti ndikufuna motto ya Chilatini pa baji ndi pa geti, yonena kuti phunzira ndipo utumikire. Makina omasulira andipatsa Disce et servi. Telala akudikira. Ndimupatse?
Mkulu wa sukulu, Kasungu

YANKHO: Bwana, telala adikirebe. Servi ndi tumikira zoonadi, koma amalembedwa chimodzimodzi ndi servi, akapolo, nde wodziwa Chilatini wodutsa pa geti panu awerenga phunzira ndi akapolo, ndipo muli ku Kasungu kumene anthu otere alipo, Kamuzu Academy ku Mtunthama yakhala ikuphunzitsa Chilatini ndi Chigiriki chitsegulireni mu 1981. Servire yemweyo muzu wake ndi kukhala kapolo. Kutumikira kumene mukunena inu ndi ministrare, kuja kwa pa Mateyu 20:28, non venit ministrari sed ministrare, sanabwere kudzatumikiridwa koma kudzatumikira. Lembani Discimus ut ministremus, timaphunzira kuti titumikire, kapena ngati mukufuna yolamula mwana mmodzimmodzi, Disce ut ministres.

Wina akakuuzani kuti mutenge yotchuka ija, Non scholae sed vitae discimus, sitiphunzirira sukulu koma moyo, ndi yabwino, ingodziwani kuti Seneca, katswiri wa nzeru wa ku Roma, mu kalata yake ya 106 analemba motembenuza, non vitae sed scholae discimus, akudandaula kuti maphunziro a nthawi yake anali a mkalasi basi. Aphunzitsi a pambuyo ndi amene anaisintha kuti ikomere sukulu zawo. Labor omnia vincit nayo anaimeta, Virgil analemba labor omnia vicit improbus, ndipo improbus amene anamudulayo akunena ntchito yankhanza yosapatsa munthu mpumulo.

Musanalipire telala tengani pepalalo mukaonetse wansembe wachikulire wa pa parishi yapafupi, makamaka amene anadutsa ku seminale ya Kachebere, kapena mphunzitsi wa ku Mtunthama konko. Ndipo muyeze baji yanuyo kaye, Discimus ut ministremus ndi zilembo 21, pa thumba la malaya a mwana wa sitandade 1 mwina sizikwana, Disce ut ministres ndi 16.